Khansa, Kukula ndi Kubereka: Zimene Nyama Zikutiphunzitsa

M'chaka cha 1996, katswiri wina wojambula zithunzi za nyama wa ku Netherlands, dzina lake Christo Baars, anali kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Tasmania, kumwera kwa Australia. Ankajambula kanyama kakuda koyenda usiku, ndipo anaona chinthu chachilendo: nyama zingapo zinali ndi zotupa zazikulu zonyeka pakamwa ndi m'masaya. Panapita zaka khumi kuti ofufuza atsimikize kuti zotupazo zinali khansa yoyenda kuchoka pa nyama ina kupita pa inzake. Patapita zaka zina ziwiri, anapezanso china chodabwitsa. Zazikazi za mtundu umenewu, zimene kale zinkayamba kubereka zili ndi zaka ziwiri, tsopano zinkabereka zili ndi chaka chimodzi chokha. Khansa inali itasintha msinkhu woberekera wa nyamazo.

Ambiri a ife timaiona khansa ngati matenda a anthu okha, ndipo ena amati ndi ya masiku ano, yobwera ndi mafuta ophikira ndi feteleza. Koma khansa imapezeka mwa agalu, nkhuku, nsomba, akamba a m'nyanja, anamgumi, ngakhale nkhono. Masiku ano pali asayansi amene amaifufuza kutchire ndi m'nyanja, osati m'chipatala mokha. Funso lawo ndi ili: kodi khansa ikugwirizana bwanji ndi kukula kwa thupi la cholengedwa, msinkhu umene chimayambira kubereka, kuchuluka kwa ana ake, ndi zaka zimene chimakhala ndi moyo? Mayankho amene apeza akukhudzanso mabanja athu.

Fisi wamng'ono wa thumba pamimba

Azungu oyamba kukhala ku Tasmania anaitcha nyamayi Tasmanian devil, kutanthauza mdyerekezi wa ku Tasmania, chifukwa cha kulira kwake koopsa usiku. Eni nthaka, Aaborijini a pachilumbapo, amaitcha purinina, ndipo dzina limeneli ndi limene tigwiritse ntchito m'nkhani ino.

Purinina ndi wamkulu ngati galu wamng'ono. Wamwamuna amalemera makilogalamu 8 kapena kuposerapo, wamkazi pafupifupi 6. Ntchito yake m'tchire ndi yofanana ndi ya fisi: amadya nyama zakufa, mafupa ndi chikopa chomwe. Wamkazi ali ndi thumba pamimba ngati kangaroo. Amakhala ndi bere kwa milungu itatu yokha, kenako amaswa tiana 20 kapena 30 tating'ono ngati njere ya mpunga. M'thumbamo muli mawere anayi basi, choncho timene timapulumuka sitiposa tinayi. Timakhala m'thumba miyezi pafupifupi inayi, ndipo timasiya kuyamwa chaka chisanathe.

Matendawa asanabwere, moyo wa purinina wamkazi unali wodziwika bwino. Ankayamba kubereka ali ndi zaka ziwiri, ankabereka kamodzi pachaka kwa zaka zitatu, ndipo ankafa ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Nyamazi zili ndi khalidwe limodzi limene linazipweteka. Zimalumana kwambiri kumaso, polimbirana nyama yakufa, makamaka pa nyengo yokwerana.

Khansa yomezanitsidwa

Mu 2006, Anne-Maree Pearse ndi Kate Swift anafalitsa zimene anapeza atayeza zotupa za apurinina osiyanasiyana. M'kati mwa selo lililonse muli timitolo ta malangizo totchedwa makromozomu. Selo labwinobwino la purinina lili ndi timitolo 14. M'maselo a zotupazo munali 13, tosokonekera, ndipo kusokonekerako kunali kofanana ndendende mwa nyama zonse zimene anaziyeza. Khansa wamba simatero, chifukwa imayambira m'maselo a wodwala mwiniwake, ndipo ya wina imasiyana ndi ya mnzake.

Tanthauzo lake linali limodzi. Zotupazo sizinamere kuchokera m'thupi la nyama yodwalayo. Anali maselo amoyo ochokera kwa purinina mmodzi wamkazi amene anafa kalekale. Aliyense amene anamezanitsapo mango akumvetsa zimenezi: kanthambi ka mtengo wina kamamera pa tsinde la mtengo wina n'kumadya chakudya chake. Purinina akaluma chotupa cha mnzake, kapena akalumidwa ndi wodwala, maselo a khansa amalowa pabala n'kuyamba kukula. Maselowa amabisa zizindikiro zimene chitetezo cha m'thupi chimazindikirira mlendo, motero thupi silimalimbana nawo.

Chotupa chikakula chimagumula mano, chimatseka pakamwa, ndipo nyama imalephera kudya. Zambiri zimafa pasanathe chaka chotupa chitaoneka. M'madera amene matendawa anafika, chiwerengero cha apurinina chinatsika ndi 80 pa 100 alionse kapena kuposerapo, ndipo mu 2008 anaikidwa m'gulu la nyama zimene zili pangozi yotheratu. Mu 2014 kunapezekanso khansa yachiwiri yopatsirana kumwera chakum'mawa kwa chilumbachi, yoyambira kwa purinina wina wamwamuna.

Pano tiyenera kunena momveka bwino: khansa ya anthu siyenda chonchi. Simungaitenge podyera mbale imodzi ndi wodwala, pomusambitsa, pomuchapira kapena pogona naye chipinda chimodzi. Musamusale. Khansa yopatsirana mwa njira imeneyi ikudziwika mwa apurinina, mwa nkhono zina za m'nyanja, ndi mwa agalu. Ya agaluyo mwina munaionapo: galu wotuluka magazi kumaliseche, wokhala ndi chotupa chofiira chonyenyeka. Imafala pokwerana, ili m'mayiko pafupifupi 90, makamaka kumene agalu amangoyendayenda, siigwira anthu, ndipo madokotala a ziweto amaichiza ndi jakisoni wa vincristine.

Amayi a chaka chimodzi

Menna Jones wa ku yunivesite ya Tasmania ndi anzake anali atayamba kale kugwira apurinina, kuwayeza ndi kuwamasula matendawa asanafike m'madera ena. Choncho anali ndi poyerekezera. Mu 2008 anafalitsa zimene anaona m'malo asanu. Nyama za zaka zitatu kupita m'tsogolo zinali zitatsala pang'ono kutheratu. Ndipo zazikazi zobereka zili ndi chaka chimodzi zinachuluka kuwirikiza ka 16 poyerekeza ndi kale.

Chinachitika n'chiyani? Amene amalumana kwambiri ndi akuluakulu, pa nyengo yokwerana. Ndiye khansa inasesa akuluakulu n'kusiya ana. Akuluakulu atachepa, nyama yakufa imene kale inkalimbiranidwa inayamba kukwanira. Ana aakazi anadya bwino, anakula msanga, ndipo ambiri anafika pa thupi loti n'kutenga bere chaka chawo choyamba chisanathe.

Koma kubereka msangaku kuli ndi mtengo wake. Kukwerana ndi kumene kumabweretsa matenda. Wamkazi amene kale akanabereka katatu tsopano nthawi zambiri amabereka kamodzi, ndipo ena amafa ana asanasiye kuyamwa. Ofufuza anaonanso kuti amene ankadwala kwambiri sanali ofooka olumidwalumidwa aja, koma amphamvu oluma anzawo, chifukwa ndi amene ankalowetsa mano m'zotupa. Mphamvu imene inkawapatsa chakudya ndi akazi ndi imene inkawatengera imfa.

Kubereka msanga sikunabweze chiwerengero cha kale, koma kunathandiza kuti mtunduwu usafafanizike. Mu 2016, ofufuza anapeza kuti m'mibadwo inayi mpaka isanu ndi umodzi yokha, majini ena okhudza chitetezo cha m'thupi anali atachuluka pakati pa otsala. Majini amene tikunena pano si a mizimu, koma malangizo olembedwa m'selo, amene mwana amatengera kwa makolo. Asayansi amakutcha kusintha kumeneku evolution. Chimene anachiona ndi maso n'chofanana ndi chimene mlimi amaona akamasunga mbewu ya chimanga chimene chapirira chilala: opirira ndi amene anatsala n'kubereka, ndipo purinina akadali purinina. Nyama zina zapezeka zitachira zokha, chotupa chitafota, ndipo kafukufuku wa mu 2020 anaonetsa kuti matendawa sakufalanso mwaliwiro ngati poyamba.

Tchire nalo linasintha. Kumene apurinina anachepa, amphaka olowerera anachuluka n'kuyamba kutha tinyama ting'onoting'ono, ndipo nyama zakufa zimakhalitsa pansi osadyedwa. Khansa ya nyama imodzi inakhudza zamoyo zambiri zimene sizinadwale n'komwe.

Nkhokwe imodzi, zofunika zitatu

Kuti timvetse chifukwa chake khansa ikugwirizana ndi kukula ndi kubereka, tiganize za banja limene lakolola matumba 20 a chimanga. M'matumba omwewo muyenera kuchoka chakudya, ndalama za sukulu, ndi zokonzera denga. Mukagulitsa ambiri chifukwa cha fizi, denga lidikira. Thupi nalo lili ndi nkhokwe imodzi ya mphamvu ndi zofunika zitatu: kukula, kubereka, ndi kudzikonza.

Kudzikonzako ndi kumene kumatiteteza ku khansa. Thupi la munthu lili ndi maselo pafupifupi mathiriliyoni 30. Tsiku lililonse ambiri amafa ndipo ena amagawikana kuti alowe m'malo mwawo. Selo likamagawikana limakopera malangizo ake onse, ndipo pokopera pamachitika zolakwika. Thupi lili ndi alonda amene amakonza cholakwikacho, kapena kulamula selo lowonongeka kuti life. Khansa imayamba pamene zolakwika zaunjikana m'selo limodzi mpaka lasiya kumvera, likungogawikana. N'chifukwa chake khansa zambiri zimabwera munthu atakula: zolakwika zimafuna nthawi kuti ziunjikane.

Taonani mbewa. Imakhwima ili ndi milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, bere lake ndi la milungu itatu, ndipo imaswa ana ambiri kangapo pachaka. Kutchire siikhalitsa. Kadzidzi, njoka, mphaka ndi anyamata a makasu amaidikira, ndipo zambiri sizitha chaka. Mphamvu zake zimathera pa kubereka msanga, osati pa kukonza thupi loti likhale zaka zambiri. Mbewa zosungidwa m'nyumba zofufuzira, zotetezedwa kwa adani onsewa, zimakhala zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo zambiri zimafa ndi khansa.

Ku Kenya, Ethiopia ndi Somalia kuli mfuko wopanda ubweya, wamkulu ngati mbewa yomweyo. Umakhala pansi pa nthaka, kumene adani safika kawirikawiri. Umatha kukhala zaka zoposa 30, ndipo khansa mwa iwo ndi yosowa kwambiri. Mu 2013, Vera Gorbunova ndi Andrei Seluanov a ku yunivesite ya Rochester ku America anapeza kuti pakati pa maselo a mfukowu pali zinthu zonanda zotchedwa hyaluronan, zazikulu kuposa za anthu, zimene zimaletsa maselo kuunjikana mopyola muyezo. Nyama ziwiri zofanana kukula, ina ya moyo wothamanga, ina ya moyo wodekha, ndipo khansa imazipeza mosiyana kwambiri.

Chitsanzo china chili m'khola mwathu. Nkhuku zakutchire za ku Asia, kumene nkhuku zoweta zinachokera, zimaikira mazira ochepa pachaka, okwanira kufungatira. Nkhuku zamakono zoikira, zimene anthu akhala akusankha kwa zaka zambiri, zimaikira mazira pafupifupi 300 pachaka. Dzira lililonse likamatuluka m'kathumba kopangira mazira limasiya kabala, ndipo maselo amagawikana kuti kapole. Nkhuku zoterezi zikapyola zaka ziwiri, zambiri zimadwala khansa ya m'kathumbako, mpaka madokotala ofufuza khansa yomweyi mwa amayi amaphunzirira pa nkhuku. Tinachulukitsa mazira, ndipo thadzi ndi limene linalipira.

Nanga njovu bwanji?

Ngati khansa imayamba ndi zolakwika za pogawikana maselo, ndiye kuti thupi lalikulu, la maselo ambiri, liyenera kudwala kwambiri. Pakati pa nyama za mtundu umodzi zimenezi n'zoona. Agalu a mitundu ikuluikulu amadwala khansa ya mafupa kuposa ang'onoang'ono. Ku Britain, kafukufuku wa amayi oposa miliyoni imodzi anaonetsa mu 2011 kuti masentimita 10 alionse owonjezera pa kutalika amakweza chiopsezo cha khansa ndi 16 pa 100. Ku Ecuador kuli mabanja a anthu aafupi kwambiri chifukwa matupi awo samva mphamvu ya mahomoni okulitsa, ndipo pakati pawo khansa siioneka kawirikawiri.

Koma poyerekeza mitundu yosiyana, lamuloli siligwira. Richard Peto wa ku Oxford ananena zimenezi mu 1977: munthu ali ndi maselo ochuluka kuwirikiza ka 1,000 kuposa mbewa ndipo amakhala zaka zambirimbiri, komabe sadwala khansa kuwirikiza chomwecho. Njovu, ngati zimene zili ku Liwonde, Majete ndi Nkhotakota, imalemera matani angapo ndipo imafika zaka 60 kapena 70. Mwa masamu wamba, njovu iliyonse ikanafa ndi khansa isanabereke.

Mu 2015, Joshua Schiffman, dokotala wa khansa ya ana ku Utah, pamodzi ndi anzake anaunika mbiri ya njovu zoposa 600 zimene zinafa. Anapeza kuti zosakwana 5 pa 100 zilizonse ndi zimene zinafa ndi khansa, pamene mwa anthu ndi pakati pa 11 ndi 25. Anapezanso chimodzi mwa zifukwa zake. Pali jini lotchedwa TP53, limene ndi mkulu wa alonda aja. Munthu ali ndi awiri, lina lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Anthu obadwa ndi limodzi lokha logwira ntchito amadwala khansa pafupifupi onse, ambiri akadali ana. Njovu ya ku Africa ili nawo pafupifupi 40. Atawononga dala maselo a njovu powaunika ndi cheza champhamvu, anaona kuti maselowo sanataye nthawi n'kudzikonza, koma ankafa msanga kuposa a munthu, cholakwika chisanafalikire.

Zimenezi zikugwirizana ndi moyo wonse wa njovu. Imayamba kubereka itapyola zaka 10, bere lake ndi la miyezi 22, imabereka mwana mmodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, ndipo mwanayo amadalira mayi ake kwa zaka zambiri. Cholengedwa cha moyo wotere chiyenera kukhala ndi thupi lokhalitsa. Chimodzimodzi namgumi wa kumadzi ozizira a kumpoto wotchedwa bowhead, amene amatha kupyola zaka 200.

Alonda akachulukiridwa

Ngakhale alonda abwino amagonja akuba akachuluka. Mu mtsinje wa St Lawrence ku Canada muli anamgumi oyera otchedwa beluga. Kuyambira 1983 mpaka 1999, Daniel Martineau ndi anzake anang'amba mitembo 129 ya anamgumiwa imene inapezeka m'mphepete mwa madzi. Mwa akuluakulu, 27 pa 100 alionse anali ndi khansa, yambiri ya m'matumbo. Kwa nyama zakutchire chimenechi ndi chiwerengero chachikulu zedi.

Kumtunda, m'chigwa cha Saguenay, kunali mafakitale osungunula aluminiyamu amene ankatulutsa utsi wokhala ndi poizoni woyambitsa khansa. Poizoniyo ankakhazikika m'matope a pansi pa madzi, ndipo anamgumiwa amafukula matopewo posaka chakudya. Mafakitale atasintha njira zawo n'kuchepetsa utsiwo, khansa mwa anamgumi inayamba kutsika mpaka inasowa m'mitembo yoyezedwa. Poizoni wa gulu lomweli ali mu utsi wa fodya ndi wa nkhuni. Namgumi wamkazi amabereka mwana mmodzi pa zaka zitatu, choncho mayi aliyense womwalira msanga amapita ndi ana amene akanabadwa.

Kwa ife anthu

Mu 1713, dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba kuti masisitere ankadwala khansa ya m'mawere kuposa amayi ena. Mu 1842, Domenico Rigoni-Stern atawerenga mabuku a imfa a mzinda wa Verona anatsimikiza zomwezo, koma anaonanso kuti khansa ya chiberekero inkapha kwambiri amayi okwatiwa kuposa masisitere. Madokotala awiriwa anakhudza mbali ziwiri za nkhani imodzi.

Mbali yoyamba ndi ya mawere. Mwezi uliwonse wa msambo, mahomoni amachititsa maselo a m'mawere kugawikana. Mayi akakhala woyembekezera kapena akamayamwitsa kwambiri, msambo umaima. Beverly Strassmann, amene anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Dogon ku Mali, anawerengera kuti mayi wa kumeneko amasamba maulendo pafupifupi 100 pa moyo wake wonse, pamene wa ku America amasamba maulendo pafupifupi 400. Mu 2002, ofufuza atasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko 30 anapeza kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imatsitsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi 4 pa 100, ndipo kubereka kulikonse kumachitsitsa ndi 7 pa 100.

Wina angathamangire kunena kuti ndiye mtsikana akwatiwe msanga n'kubereka ambiri. Ayi. Mbali yachiwiri ikukana zimenezo. Mu 1983 ndi 1984, Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anapeza mitundu iwiri ya kachilombo ka HPV m'zotupa za khomo la chiberekero, ndipo mu 2008 analandira mphoto ya Nobel. Kachilomboka kamafala pogonana. Khansayo siipatsirana, koma kachilombo koiyambitsa ndi kamene kamapatsirana. Khomo la chiberekero la mtsikana wamng'ono silinakhwime, ndipo kachilomboka kamakhazikikapo mosavuta. Kuyamba kugonana msanga, kutenga mimba yoyamba uli mwana, kubereka kambirimbiri, ndi kukhala ndi mwamuna woyendayenda, zonsezi zimakweza chiopsezo. Mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake n'chowirikiza ka 6.

Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Malinga ndi ziwerengero za mu 2020, amayi oposa 4,000 amapezeka nayo pachaka ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Ambiri ndi a zaka za m'ma 30 ndi 40, amene ana akuwadalira. Apa nkhani ya purinina ikutifika pafupi. Matenda akapha akuluakulu a msinkhu wobereka, moyo wa ana otsala umasintha. M'midzi yathu tinaona atsikana amasiye akusiya sukulu n'kukwatiwa msanga chifukwa pakhomo palibe wowasamala, ndipo ukwati wa msangawo umawaika pa njira yomweyo imene inatenga mayi awo. Kusiyana kwake n'kwakuti purinina alibe chosankha, pamene ife tingadule mzerewu.

Nthawi yake ndi iti?

Chinthu chimodzi chikuonekera m'nkhani zonsezi: zimene zachitika thupi likadali laling'ono zimadzaonekera patsogolo. Kuchokera pamene kachilombo ka HPV kalowa kufika pamene khansa yayamba pamatha kupita zaka 15 mpaka 20, kapena 5 mpaka 10 ngati chitetezo cha m'thupi n'chofooka. Zaka zimenezi ndi mpata wathu, ndipo msinkhu uliwonse uli ndi chochita chake.

Khanda lilandire katemera yense wa kusikelo. M'katemerayo muli woteteza ku hepatitis B, matenda amene amayambitsa khansa ya chiwindi munthu atakula. Liyamwe mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo lipitirize mpaka zaka ziwiri. Phindu lake ndi la mwana ndi mayi yemwe.

Mtsikana wa zaka 9 mpaka 14 alandire katemera wa HPV, amene Malawi inayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019. Amagwira bwino ntchito akaperekedwa mwana asanakumane ndi kachilomboka, n'chifukwa chake amaperekedwa pa msinkhu umenewu. Satseketsa kubereka. Ndipo mtsikanayo akhale pasukulu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati munthu asanakwanitse zaka 18, ndipo thupi lake likugwirizana ndi lamulolo.

Mayi wa zaka 25 mpaka 49 apite kukayezetsa khomo la chiberekero ngakhale sakumva kupweteka kulikonse. Kuyeza ndi viniga kumatenga mphindi zochepa, ndipo malo amene ayamba kusintha amatha kuthandizidwa tsiku lomwelo asanasanduke khansa. Abambo, kuperekeza akazi anu ndi kukhala okhulupirika kwa iwo ndi mbali ya chitetezo chawo.

Banja lonse lisachulukitsire ntchito alonda a m'thupi. Fodya, wosuta kapena wafwenkha, ndi mowa zimawononga maselo a m'kamwa, kummero, m'mapapo ndi m'chiwindi. Khitchini likhale ndi potulukira utsi. Mtedza ndi chimanga zochita chuku zitayidwe, osati kugayitsa kapena kusinjira ndiwo, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto.

Pa msinkhu uliwonse, chotupa m'bere, kutaya magazi pambuyo pogonana kapena mutasiya kale kusamba, kuvutika kumeza, chilonda chosapola, ndi kuonda kopanda chifukwa, ndi zizindikiro zofunika kuthamanga nazo kuchipatala. Chotupa chimene sichipweteka sindiye kuti n'chabwino.

Ku Tasmania, kumayambiriro kwa mliriwu ena ankaopa kuti apurinina adzatheratu m'zaka makumi ochepa. Mu 2012 boma la kumeneko linasamutsira nyama zopanda matenda pachilumba cha Maria kuti mbewu isafe. Lero, kumpoto chakum'mawa kumene Christo Baars anajambula zithunzi zija, apurinina akadalipo, ochepa, ambiri mwa iwo ana a amayi amene anabereka ali ndi chaka chimodzi. Anapulumuka pofupikitsa ubwana wawo. Ana athu aakazi sayenera kupulumuka mwa njira imeneyo, chifukwa katemera alipo, kuyeza kulipo, ndipo zaka zochitirapo kanthu tili nazo. Sabata ino funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku limene katemera wa atsikana adzafike, ndi tsiku limene amayi amayezedwa kuchipatala chanu.